Usiku wa nthano ndi ndakatulo m'nyengo yozizira: chaka chatha agogo anakana maikolofoni, chaka chino titani?

Mphunzitsi_waDedza analemba:

Moni nonse abale. Ndine mphunzitsi wa Chichewa pasekondale ina yoyendera kuno ku Dedza, pakatauni kena ka m'mbali mwa msewu wa M1. Ndabwera kudzapempha nzeru, poti mwezi wa May ukupita kumapeto, m'mawa mame ayamba kuluma zala, ndipo anzanga ayamba kale kundifunsa ngati chaka chino tichitenso zija tinachita chaka chatha.

Zija n'zakuti ine ndi anzanga atatu tinakonza tsiku la nthano ndi ndakatulo Loweruka lomaliza la June. Tinabwereka holo ya tchalitchi, yamalata, mawindo awiri opanda magalasi. Zokuzira mawu tinabwereka kwa mnyamata amene amaika nyimbo m'maukwati. Papepala tinalemba kuti tiyamba 3 koloko, koma tinayamba 5 itadutsa chifukwa mlendo wolemekezeka anachedwa, ndipo atafika anthu anayi anayankhulapo iye asanayankhule. Odziwa Dedza akudziwa kuti mu June dzuwa limalowa hafu pasiti 5 isanakwane, ndipo likangolowa mphepo yotsika m'phiri sifunsa kuti wavala chiyani.

Alakatuli analembetsa 14. Aliyense anabwera ndi masamba atatu kapena anayi, wina anawerenga pafoni mpaka batire linamuthera ali pakati pa ndime. Pofika nthawi ya nthano amayi a ana anali atayamba kutuluka, ana kumbuyo atakutidwa zitenje ziwiriziwiri.

Tsono nkhani yandisowetsa mtendere ndi iyi. Tinali titakatenga agogo atatu kumudzi panjinga zamoto. Mmodzi mwa iwo, agogo aakazi, ndi katswiri weniweni, mudzi wonse umawadziwa. Tinawakweza pansanja, pampando wapulasitiki, babu likuwawala m'maso, n'kuwapatsa maikolofoni. Anati "Padangokhala" chapansipansi, chokuzira mawu chinalira tswiii, ana akumbuyo anaseka, ndipo "tili tonse" anayankha anthu osakwana khumi, aliyense nthawi yakeyake. Agogowo anayang'ana maikolofoni ija kanthawi, anaiika pamiyendo, n'kundiuza kuti, "Aphunzitsi, ine sindiimba nthano kwa anthu amene sindikuwaona nkhope." Anatsika. Manyazi amene ndinachita tsikulo sindinawachitepo.

Titamaliza kubweza mabenchi cha m'ma 8, ndinatuluka kukawafuna kuti akwere njinga. Ndinawapeza kuseri kwa holo, pamoto wa mlonda, atakhala pathumba la saka. Anazunguliridwa ndi ana asanu ndi atatu, mlonda uja, ndi anyamata awiri akabaza amene anazimitsa njinga zawo. Anali pakati pa nthano ya Kalulu ndi chitsime cha nyama, mawu a Fulu akuwatulutsira m'mphuno, nyimbo ikafika onse akuvomera ngati anaphunzira limodzi. Wakabaza mmodzi anandikwezera dzanja kuti ndisasokoneze. Ndinaima pamenepo mpaka anamaliza.

Mafunso anga ndi awa. Kodi ndakatulo ndi nthano zingakhale tsiku limodzi, kapena tinasakaniza zosasakanizika? Tichite mwezi uti ndi nthawi yanji kuti chisanu chisatibalalitsire anthu? Mnzanga wina akuti tiike mbaula zinayi m'holo n'kutseka mawindo ndi makatoni. Ndipo agogo otere timawathokoza ndi chiyani? Chaka chatha tinawapatsa fanta ndi mabanzi, ndipo mpaka lero ndikamakumbukira mtima umandiluma.

---

NaBanda_waBembeke anayankha:

Aphunzitsi, yankho munalipeza nokha kuseri kwa holo kuja, ndiye mukutifunsiranji ife? Koma poti mwafunsa, ndiyambe ndi za mbaulazo chifukwa zimenezo n'zamoyo. Ndinagwira unamwino zaka zambiri ndisanapume, ndipo nyengo ino ndi imene tinkalandira anthu okomoka atagona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Utsi wa makala suoneka, sununkha, munthu amangomva mutu ndi tulo. Mnzanuyo mumuuze kuti makatoniwo akafutsire nthochi. Moto ukhale panja basi.

Tsono za nthano. Ine ndinakulira kwa agogo anga aakazi, ndipo nthano sinali ndi tsiku lake lolembedwa. Inkabwera tikakolola, chimanga chili m'nkhokwe, ntchito ya kumunda itachepa. Tikadya nsima yamadzulo tinkasonkhana pakhomo pa agogo, ena tikutong'ola chimanga m'lichero, ena tikusenda mtedza, mbatata zili m'phulusa. Masana ukangoti "padangokhala" ankakuopseza kuti amayi ako asanduka chulu. Ndili mwana ndinkaopadi. Ndakula ndinazindikira kuti ankangofuna tipite kukatunga madzi m'malo mokhala pansi. Ndipo taganizani mmene nthano imathera kwathu kuno. Woimba amati "kaphuleni mbatata", ana n'kuyankha kuti "yapserera". Mbatata imeneyo mukaiphula pati muli pansanja ya simenti? Mawu otsekera okhawo akukuuzani kuti moto uli pafupi.

"Tili tonse" ija si mwambo wongokometsera. Ndi mmene agogo amadziwira kuti mukumva, ndani wayamba kusinza, ndani wachita mantha kuti achepetse za Fisi. Akaona kamwana kakutsegula pakamwa amatalikitsa pamenepo. M'holo muja munawachotsera maso, ndiye akanaimba bwanji?

Ine ndikanakhala inu ndikanakoleza moto utatu kapena unayi pabwalo, motalikirana kuti nyimbo zisalowererane, moto uliwonse ndi gogo wake, anthu osapitirira makumi awiri kapena atatu, pamphasa. Nthano ikatha anthu asinthe moto, agogo akhale pomwepo. Sankhani Loweruka limene mwezi ukuwala, koyambirira kwa June, chisanu cha July chisanafike. Kuno ku Bembeke mu July ngakhale agalu safuna kutuluka.

Za kuthokoza. Fanta ndi mabanzi ayi ndithu, aphunzitsi, amenewo timapatsa ana a kwaya. Bulangete labwino, shuga, sopo, ndi kenakake mu envelopu, ndipo mukapereke kunyumba kwawo tsiku lina masana, mutakhala pansi, osati pamaso pa gulu ndi kujambula zithunzi. Powaitana dzerani kwa amfumu ndi kwa ana awo. Chinanso chimene achinyamata simuchiganizira: gogo wamkazi wobwera kumudzi usiku yekha, anthu ena ayamba kunong'ona kuti amachokera kuti. Mukudziwa mmene okalamba amanamiziridwa ufiti m'midzi yathuyi. Apite ndi mdzukulu, abwerere ndi mdzukulu, ndipo pofika 8 koloko akhale ali pakhomo pawo.

---

Mlakatuli_waKawale anayankha:

Mayi NaBanda ndakumvani, ndipo za moto sindikutsutsa. Koma ndikuona ngati mlandu wonse ukugwera ife alakatuli, pomwe nthawi anadya ndi a zoyankhulayankhula aja. Aphunzitsi, werengani bwino nkhani yanu. Maola awiri munadikira munthu mmodzi. Kenaka anthu anayi anaimirira kunena kuti "sindichulutsa gaga m'diwa" n'kuchulutsa. Chaka chino musaitane mlendo wolemekezeka. Amfumu atsegule ndi mawu awiri, basi.

Ndakatulo ndi nthano zikhoza kukhala tsiku limodzi, koma osati mbale imodzi. Ndakatulo imafuna maikolofoni, imafuna gulu, imafuna anthu akuwe mzere ukawalasa. Ichitike masana dzuwa likadali, kuyambira 2 koloko mpaka hafu pasiti 4. Zikatha, mnyamata wa zokuzira mawu amange katundu wake apite, asatsale n'kumaika nyimbo, chifukwa akangotsala moto wanu uja palibe aupite.

Ndipo alakatuli 14 achuluka. Tengani asanu ndi atatu, aliyense mphindi zinayi, wina akhale ndi belu la kusukulu kwanu. Muwauziretu kuti ndakatulo ilowezedwe pamtima. Munthu amene maso ali pafoni sakulakatula, akuwerenga uthenga. Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira, tsiku lina mphepo inandiulutsira tsamba lachiwiri ndili kutsogolo, ndinangoima ngati chitsa.

Chinanso, musawapatse mutu. Mukangolengeza kuti mutu wa chaka chino ndi kusamala chilengedwe, mulandira ndakatulo zisanu ndi zitatu zoyamba ndi "Mitengo, mitengo, mitengo". Tazolowera kulembera mabungwe moti tinaiwala kulemba za ife eni. Asiyeni alembe za mtengo wa feteleza, za chibwenzi chimene chinathera pa WhatsApp, za amayi ogulitsa kachewere pa Lizulu amene amathamangira basi iliyonse ndi beseni pamutu. Pamenepo anthu amvera.

Musaderere kuchepa kwa malo anu. Tumaini Festival ya ku Dzaleka ku Dowa anaiyambitsa mu 2014 ndi mlakatuli, Menes la Plume, wothawa kwawo ku DRC, m'kati mwa kampu ya othawa kwawo, ndipo lero anthu amakwera galimoto kuchokera ku Lilongwe kukaonera. Kungoti iwo amachita nyengo yotentha, ndiye za mabulangete sizimawavuta. Mukafuna ndibwera ndi anzanga awiri pathumba pathu, bola mutipezere pogona ndi tiyi wa m'mawa.

---

Achimwene_aku_Tennessee anayankha:

Aphunzitsi, nkhani yanu yandikumbutsa kumene ndinapita October wathayu. Ndimakhala ku America, m'chigawo cha Tennessee, ndipo kuno kuli katauni kotchedwa Jonesborough, kakale kwambiri m'chigawochi, ka anthu masauzande ochepa chabe. Chaka chilichonse kumayambiriro kwa October, masamba a mitengo akamasanduka ofiira ndi achikasu, kuzizira kukuyandikira, kumachitika chikondwerero cha osimba nthano chotchedwa National Storytelling Festival. Anaiyambitsa mu 1973 ndi mphunzitsi ngati inu nomwe, Jimmy Neil Smith. Chaka choyambacho nsanja yawo inali ngolo yonyamulira udzu wa ziweto, anthu anakhala pamitolo ya udzu pafupi ndi khoti, ndipo anali pafupifupi 60. Lero kumabwera anthu masauzande, amamanga matenti akuluakulu m'katauni monse.

Ndanena izi chifukwa ndikusiyana pang'ono ndi mayi NaBanda. Kumeneko amagwiritsa ntchito maikolofoni, munthu mmodzi kutsogolo, mazanamazana atakhala pamipando, ndipo zimayenda. Ndinaona bambo wina wachikulire akusimba za ubwana wake pafupifupi ola lathunthu, tenti yonse ili zii, kenaka kuseka, kenaka ena akupukuta misozi. Sitima yapamtunda imadutsa pafupi ndi matentiwo, ikalira wosimbayo amangoima, kudikira idutse, n'kupitiriza, anthu n'kuseka poti anazolowera. Usiku amasimba nkhani za mizukwa panja, anthu atafunda mabulangete amene abwera nawo okha. Ndiye kuzizira pakokha sikuthamangitsa anthu ngati anauzidwiratu kuti abwere atakonzeka. Pachidziwitso chanu lembanipo poyera kuti aliyense abwere ndi chofunda ndi mphasa.

Koma kusiyana kulipo, ndipo ndinakumva m'thupi. Anthu aja ndi akatswiri a pansanja, ena ndiyo ntchito yawo, amayenda m'matauni n'kumalipidwa. Nkhani yawo anaikonza kuti omvera akhale chete. Ine ndinakhala pampando uja pakamwa pakundiyabwa, ndikudikira poti ndiyankhe, koma poyankha panalibe. Mkazi wanga anandigwira mkono nditayamba kung'ung'udza ndekha. Nthano yathu imaimbidwa ndi anthu onse, wotsogolera amangogwira chingwe. Choncho agogo anu aja asiyeni pamoto. Koma ngati pali mwana wa Fomu 3 amene ali ndi luso losimba ndipo saopa maikolofoni, mpatseni mpata masana pakati pa alakatuli. Mwina ameneyo ndi amene adzaimirire pansanja zaka zikubwerazi.

Funso langa ndi lakuti, kodi mujambula? Ana anga anabadwira kuno, Chichewa amamva koma kuyankha amayankha m'Chingerezi. Ndikanakonda atamva mawu a Fulu otulukira m'mphuno aja. Ndikudziwa kuti a National Library Service anayendapo m'maboma kujambula nthano kwa akuluakulu, koma zanuzo zingakhale za kwathu kwenikweni, poti amayi anga kwawo ndi ku Linthipe. Za bulangete la agogo mmodzi ndilipira ine, mundilembere kumbali.

---

Jere_waNtcheu anayankha:

Ine ndifunse zimene aliyense wazilumpha. Moto unayi usiku wonse, nkhuni muzitenga kuti? Masana mlakatuli alira kuti phiri la Dedza lameteka, madzulo inu mukuotha mitengo ya m'phiri lomwelo. Anthu akusekani. Ino ndi nyengo yokolola, zitsononkho zili mbwee pakhomo lililonse. Uzani ana a sukulu kuti chitupa cholowera ndi jumbo ya zitsononkho kapena mbatata ziwiri. Zitsononkho zimayaka msanga, ndiye pamoto uliwonse pakhale chikuni chimodzi chouma chogwira moto, ndi mnyamata mmodzi wosonkhezera amene sachokapo.

Ndipo musayambe ndi nthano anthu ali ouma. Kwathu tinkayamba ndi zilapi. Wina "Chilapi!", onse "Nachize!", "Nyumba ya amayi anga yopanda khomo." Kamwana kakafuula kuti dzira, manyazi atha pamenepo, pakamwa patseguka. Ikamafika "padangokhala" anthu amakhala atatenthedwa kale. Chaka chatha munawatenga anthu amene akhala chete maola atatu akumvera ena n'kuyembekeza kuti ayankhe "tili tonse" mwamphamvu. Sizikanatheka.

Koma kunena zoona ine ndikukayika ngati chinthu chimenechi chimakonzeka ndi komiti. Chija munachipeza kwa mlonda chinakoma chifukwa palibe anachikonza. Mukachilemba papulogalamu kuti 6:15 nthano yoyamba, 6:35 kusintha moto, ndikuopa mudzapezanso agogo atakhala chete. Yesani tione.

---

Mphunzitsi_waDedza anayankha:

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. Bambo Jere, mawu anu omalizawo andikhala pamtima, sindinama. Za zitsononkho tatenga, ndipo ahedi avomera kuti ana azibweretsa kusukulu sabata yonse, tiziunjika m'kalasi ina yosagwira ntchito. Mbaula tazisiya, mayi NaBanda, mnzanga uja ndinamuwerengera zimene munalemba ndipo sanayankhe kanthu. Mlendo wolemekezeka palibe, ngakhale pamenepa tinakangana kwambiri m'komiti chifukwa ena amayembekeza kuti akabwera asiya kenakake. Achimwene a ku Kawale bwerani, mugona kwathu, koma mubwere ndi majuzi enieni, osati timajekete ta ku Lilongwe.

Dzulo nditaweruka ndinapalasa njinga kupita kwa agogo aja, nditadzera kwa amfumu monga munanenera. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Ndinapepesa za chaka chatha. Anaseka mpaka kutsokomola, akuti anafika kunyumba n'kuuza adzukulu kuti aphunzitsi anawapatsa chitsulo cholira ngati mwana wa mbuzi. Ndinawafotokozera za moto unayi, za mphasa, za kusintha magulu. Anamvetsera osasiya kusankha nyemba, kenaka anati kusinthako ayi. Akuti nthano yachiwiri imamera pa yoyamba, amaona kaye mmene anthu aimvera yoyambayo ndiye amadziwa yotsatira, tsono mukawachotsera anthu n'kuwabweretsera ena ayambiranso poyamba ngati wophika nsima imene ikungophulidwa isanapse. Amene wakhala pamoto wawo akhale mpaka mbatata ipse. Ndiye pamenepo mayi NaBanda mwagonja, ndipo pulogalamu ya mphindi ija bambo Jere amaiopa yafa yokha.

Za kujambula, achimwene a ku Tennessee, ndinafunsa. Anaika lichero pansi n'kundifunsa kuti, "Mukandiika m'lamyamo, anawa adzabweranso kuno kudzatani?" Ndinayesa kufotokoza za ana anu, kuti ali kutali kwambiri, kuti agogo awo kwawo ndi ku Linthipe. Anafunsa mfunda wa amayi anu. Ndinati sindikudziwa, ndifunsa. Akuti mukawauza, aimba nthano imodzi yokha ya ana amenewo, tsiku lina pakhonde pawo pomwepo dzuwa litalowa, koma pausiku wa gulu uja safuna kuona lamya yowala pamoto wawo. Ndiye nditumizireni mfundawo.

Tagwirizana Loweruka lachiwiri la June. Chatsala ndi mphasa. Tili nazo zisanu ndi imodzi, tikufuna zosachepera makumi awiri, ndipo a tchalitchi akuti zawo sizituluka panja chifukwa zinapsapo ndi moto pamaliro ena. Ngati alipo wa kufupi kuno amene angatibwereke, ngakhale mikeka kapena masaka, andilembere Lachisanu lisanafike kuti ndidziwe ngati ndikapemphe ngolo.